Laibulale Yaikulu ya New York pa Fifth Avenue: Mafunso ndi Mayankho kwa Ofuna Kukaiona

Alendo ambiri amafika pa masitepe a nyumbayi, n'kujambulitsa pambali pa umodzi wa mikango iwiri yamiyala ya pakhomo, n'kulowa pang'ono kukakweza maso kudenga, basi ulendo watha. Palibe mlandu. Koma nyumbayi si yosungiramo zinthu zakale zongoonera ayi. Mpaka lero ndi malo antchito, kumene munthu wamba amatha kupempha buku lazaka mazana n'kumubweretsera pa tebulo popanda kumufunsa kuti ndi mwana wa yani. Mayankho ali m'munsiwa akutsamira kumeneko: mukapita, pitani ngati wowerenga.

Kodi tikunena nyumba iti kwenikweni?

Ili pa Fifth Avenue, pakati pa 40th Street ndi 42nd Street, ku Manhattan. Kuyambira mu 2008 dzina lake lolembedwa ndi Stephen A. Schwarzman Building, potsatira madola 100 miliyoni amene mkulu wa bizinesi ameneyu anapereka. Pofunsa njira musavutike ndi dzinalo. Mukangotchula laibulale ya mikango ya pa 42nd Street, akulozerani.

Nyumbayi ndi likulu chabe. Bungwe la New York Public Library lili ndi malo oposa 90 m'zigawo zitatu za mzindawu: Manhattan, Bronx ndi Staten Island. Ku Brooklyn ndi ku Queens anayambitsa malaibulale awoawo asanaphatikizidwe mumzinda wa New York mu 1898, ndipo mpaka pano ndi mabungwe osiyana.

Kulowa ndi ndalama zingati?

Ndi ulere. Safunsa chiphaso pakhomo, ndipo zionetsero za m'katimo salipiritsa. Alonda amasuzumira m'chikwama polowa, n'kusuzumiranso potuluka. Musakhumudwe nako kusecha kwachiwiriko: amachita ndi aliyense, pofuna kuona kuti buku la laibulale silikutuluka nanu.

Ndingafikeko bwanji?

Sitima zapansi panthaka za B, D, F, M ndi 7 zimaima pa siteshoni ya Bryant Park, imene ili pafupi kwambiri. Kuchokera ku siteshoni yaikulu ya sitima ya Grand Central kapena ku Times Square ndi mtunda wongoyenda pansi. Ngati mukuchokera ku Grand Central, dzerani East 41st Street. Msewu umenewu umaloza pakati penipeni pa nyumbayi, moti imakula pamaso panu pamene mukuyandikira, ndipo m'njira ya oyenda pansi anakhomamo zitsulo zamkuwa zolembedwa mawu a alembi osiyanasiyana. Kachigawo kameneka amakatcha Library Way.

Nanga mikango ija, nkhani yake ndi yotani?

Anaikonza ndi Edward Clark Potter, ndipo amene anaisema pa mwala wa mabo wa ku Tennessee ndi abale a banja la Piccirilli, amisiri ochokera ku Italy. Yakhala pamenepo kuyambira 1911. Poyamba anthu ankaitcha Leo Astor ndi Leo Lenox, potengera eni malaibulale awiri akale. M'zaka za m'ma 1930, chuma cha dziko chitagwa, meya Fiorello La Guardia anaipatsa maina akuti Patience ndi Fortitude, ponena kuti kuleza mtima ndi kulimba mtima ndizo zimene anthu a mumzindawo ankafunika kuti apirire mavutowo. Mukaima pamsewu n'kuyang'ana nyumbayi, Patience ali kumanzere kwanu, cha kummwera. Nyengo ya Khirisimasi amaiveka nkhata zamasamba m'khosi, ndipo mu 2020 anaiveka zotchinga pakamwa ngati wina aliyense.

Inamangidwa liti, ndipo anaimanga ndani?

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mzinda wa New York unali ndi malaibulale awiri otchuka, ya Astor ndi ya Lenox. Onse awiri anali ndi mabuku amtengo wapatali koma ndalama zoyendetsera zinkachepa, ndipo munthu wamba sankamasuka nawo. Ku Lenox pankafunika tikiti kuti ulowe. Kenako Samuel J. Tilden, amene anakhalapo bwanamkubwa wa chigawo cha New York, anamwalira mu 1886 n'kusiya chuma chake kuti chikhazikitse laibulale yaulere. Achibale anakatsutsa wiloyo kukhoti, ndalama zinachepa, koma zotsalazo zinakwanira kukopa malaibulale awiri aja. Mu 1895 atatuwa anaphatikizana.

Malo amene anasankha panali damu lalikulu losungiramo madzi akumwa a mzindawo, Croton Reservoir, la makoma amiyala otalika mamita pafupifupi 15, amene anthu ankayenda pamwamba pake popitidwa mphepo. Kuligumula kokha kunatenga nthawi yaitali. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1902, ndipo nyumbayi inatsegulidwa pa 23 Meyi 1911, Pulezidenti William Howard Taft ali pomwepo. Inadya madola pafupifupi 9 miliyoni, ndipo panthawiyo inali nyumba yaikulu koposa ya mwala wa mabo m'dziko lonse la United States. Akatswiri a mapulani anali John Carrère ndi Thomas Hastings. Carrère sanaione ikutsegulidwa: anamwalira pangozi ya galimoto pafupifupi miyezi itatu tsikulo lisanafike.

Koma munthu amene maganizo ake mumawamva m'miyendo pokwera masitepe ndi John Shaw Billings, mkulu woyamba wa laibulaleyi, yemwe kale anali dokotala wa asilikali. Iye ndiye anajambula pa kapepala mmene nyumbayi iyenera kukhalira. M'malo moika chipinda chowerengeramo pafupi ndi khomo, anachiika pamwamba penipeni, kumene kuli kuwala ndi mpweya, kutali ndi phokoso la pamsewu. Mabuku anawaika pansi pa owerengawo, m'nsanjika 7 za mashelefu achitsulo, kuti azikwera molunjika kupita kwa wowafuna. Ndiye mukamapuma wefuwefu pofika nsanjika yachitatu, dziwani kuti si kuiwala kwa omanga.

Ndingabwereke buku n'kupita nalo kunyumba kapena kuhotela?

Ayi, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amadabwa. Iyi ndi laibulale ya kafukufuku. Mabuku ake amawerengedwa m'katimo, satuluka. Ubwino wake ndi wakuti buku limene lili m'kaundula silikhala kunyumba kwa munthu wina kwa milungu itatu.

Mabuku obwereka ali tsidya lina la msewu, pa Fifth Avenue ndi 40th Street, m'nyumba yotchedwa Stavros Niarchos Foundation Library. Kale inkatchedwa Mid-Manhattan Library, ndipo inatsegulidwanso mu 2021 itakonzedwa. Kumeneko mumadzisankhira nokha pa shelefu. Padenga pake pali khonde lolowa aliyense mwaulere, pamene mumaona Fifth Avenue muli pamwamba. Khadi lobwerekera limaperekedwa ulere kwa amene amakhala, kugwira ntchito, kuphunzira kapena kulipira msonkho wa malo m'chigawo cha New York. Kuyambira mu Okutobala 2021 laibulaleyi inasiya kulipiritsa chindapusa kwa obweza buku mochedwa.

Ndine mlendo wochokera kunja. Ndingathe kupempha buku kuti ndiwerenge m'katimo?

Mungathe, ndipo ili ndilo gawo la ulendo limene sindingafune kuti mulidumphe. Simufunika kukhala pulofesa kapena kukhala ndi kalata yochokera ku yunivesite. Mumalembetsa khadi la alendo, n'kuonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu, monga pasipoti. Kenako mumafufuza bukulo m'kaundula wa pa kompyuta, kaya pa foni yanu kaya pa makompyuta a m'chipinda cha Bill Blass Public Catalog Room, chimene mumadutsamo musanalowe m'chipinda chachikulu chowerengeramo.

Chofunika kuyang'anitsitsa m'kaundulamo ndi kumene bukulo likusungidwa. Mabuku mamiliyoni ali pansi pa Bryant Park, paki imene ili kuseri kwa nyumbayi. Anthu amene akhala pa kapinga akudya chamasana sadziwa kuti pansi pawo pali nsanjika ziwiri za mashelefu, mozizira bwino ndi mopanda chinyezi. Kumeneko mabuku sasanjidwa motsata mutu wa nkhani koma motsata kukula kwake, kuti malo asawonongeke. Buku la ndakatulo likhoza kugundana ndi la zaulimi wa mbatata, bola msinkhu ndi umodzi. Chimene chimalipeza ndi nambala yake ya pa kompyuta.

Kuchokera mu 2016, mabukuwa amakwera pa kasitima ka magetsi ka mabogi 24 ofiira. Bogi lililonse limayenda palokha pa njanji, limakhota, limakwera khoma choimirira, koma kabokosi konyamula mabuku kamazungulira kuti kakhalebe chilili, mabuku osagwa. Pa ulendo wake wonse wokafika ku nsanjika yachitatu kamatenga mphindi pafupifupi zisanu, ngakhale kuti kudikira kwanu kumaposa pamenepo chifukwa pafunika munthu woti akalitole kaye pa shelefu. Kale timapepala toitanitsira mabuku tinkaikidwa m'timabotolo tachitsulo n'kutumizidwa pansi kudzera m'mapaipi a mpweya.

Mabuku ena ali kutali, m'nyumba yosungiramo ya ku Princeton, m'chigawo cha New Jersey, imene laibulaleyi imagawana ndi mayunivesite a Columbia, Princeton ndi Harvard. Amenewo amabwera pa galimoto ndipo safika tsiku lomwelo. Choncho ngati masiku anu mumzindawu ndi owerengeka, pemphani pa intaneti musananyamuke. N'zomvetsa chisoni kuwoloka nyanja n'kukauzidwa kuti buku lanu lifika mawa lake la tsiku limene mukukwera ndege.

Zolemba pamanja, mabuku osowa ndi zithunzi zakale zili m'zipinda zapadera zokhala ndi malamulo akeake. Kumeneko mumalembetsa padera, nthawi zambiri mumapangana nawo tsiku, chikwama mumasiya panja, ndipo cholembera chololedwa ndi pensulo yokha.

Chipinda chachikulu chowerengeramo, alendo amaloledwa kulowamo?

Amaloledwa, koma mwa malire. Chipindachi, Rose Main Reading Room, n'chachitali mamita pafupifupi 90, m'lifupi mamita 24, ndipo denga lake lili pa mamita pafupifupi 16. Pakati pali malo operekera mabuku, amene amachigawa pawiri. Matebulo ndi aatali, a mtengo wa oak, mpando uliwonse uli ndi nambala yake, ndipo nyale zamkuwa zandandalika pa tebulo lililonse. Kudenga anajambulako thambo la mitambo yofiirira, lozunguliridwa ndi maluwa a pulasitala opaka golide.

Usiku wina mu Meyi 2014, duwa limodzi la pulasitalayo linathothoka n'kugwa pansi. Mwamwayi munalibe munthu. Chipindacho chinatsekedwa kwa zaka zoposa ziwiri, amisiri anamangirira maluwa mazanamazana ndi nthambo zachitsulo kuseri kwa denga, ndipo chinatsegulidwanso mu Okutobala 2016.

Chifukwa alendo anachuluka mpaka owerenga kusowa mtendere, laibulale inaika nthawi yapadera ya ongofuna kuona, komanso maulendo aafupi otsogozedwa ndi wogwira ntchito. Nthawi zimenezi zimasinthasintha, choncho yang'anani pa nypl.org sabata imene mukupita. Koma amene wabwera kudzawerenga kapena kulemba mwakachetechete amalowa nthawi ina iliyonse imene chipindacho chili chotsegula. Ena amaona ngati lamuloli ndi lokhwima. Ine ndimaligwirizana nalo. Munthu amene akulemba mutu wachisanu wa buku lake sangapirire mafoni mazana akumuloza kumutu tsiku lonse. Ndipo njira yolowera ndi yapafupi: tengani buku kapena kope, mukhale pansi ola limodzi. M'makoma mozungulira muli madikishonale ndi mabuku ena ofufuziramo zinthu amene mungadzitengere nokha popanda khadi.

Ndili ndi ola limodzi lokha. Ndione chiyani?

Lowerani khomo la ku Fifth Avenue kuti muyambire mu Astor Hall, holo yoyera ya mwala wa mabo kuyambira pansi mpaka kudenga. Pitani ku chionetsero cha chuma cha laibulale, chimene chili moyang'anizana ndi khomolo. Kenako kwerani masitepe, osati chikepe, mpaka ku McGraw Rotunda pa nsanjika yachitatu. Pamenepo pali zithunzi zikuluzikulu za pakhoma zimene Edward Laning anajambula cha m'ma 1940, pa ntchito imene boma linkapatsa amisiri osowa ntchito panthawi ya mavuto a zachuma. Zikufotokoza mbiri ya mawu olembedwa: Mose ndi magome amiyala, mmonke akukopera buku pamanja, Gutenberg akuonetsa tsamba losindikizidwa, ndi Ottmar Mergenthaler ndi makina ake otchera zilembo za nyuzipepala.

Mphindi zikatsala, suzumirani m'zipinda ziwiri za pa nsanjika yoyamba zimene magulu a alendo amazidutsa. China ndi cha mapu, chokhala ndi denga lokongola kwambiri ndi mapu akale a mizinda ndi nyanja. China ndi cha magazini, chotchedwa dzina la DeWitt Wallace. Iyeyu ankakhala m'chipinda chimenechi akufupikitsa nkhani za m'magazini ena pamene ankayambitsa Reader's Digest mu 1922. Si yekhayo amene anapindula ndi nyumbayi: Chester Carlson, amene anatulukira njira ya fotokope, anawerenga zambiri za sayansi yake m'laibulale yomweyi.

M'chionetsero cha chumacho muli chiyani?

Dzina lake ndi Polonsky Exhibition, ndipo chinatsegulidwa mu 2021 kuti chikhale chokhalitsa. Zinthu zimasinthidwa nthawi ndi nthawi chifukwa kuwala kumawononga pepala, ndiye musalumbire kuti mukapeza chakutichakuti. Zina mwa zimene laibulaleyi imasunga ndi izi: Baibulo la Gutenberg la cha m'ma 1455, limene James Lenox anagula mu 1847, loyamba kufika ku United States, mapale adongo a ku Mesopotamia olembedwa zaka masauzande zapitazo, ndi chikalata cholengeza ufulu wa dziko la United States chimene Thomas Jefferson anakopera ndi dzanja lake. M'kope la Jefferson muli ndime yodzudzula malonda a akapolo, imene nyumba ya malamulo inachotsa mu 1776. Poiwerenga ndi bwino kukumbukira kuti mwini wakeyo anali ndi akapolo mazanamazana.

Pali zinanso zodabwitsa. Desiki ya Charles Dickens ilipo, pamodzi ndi kampeni kake kotsegulira makalata, kamene chigwiriro chake ndi phazi lenileni la mphaka wake, Bob, amene atafa anamudula phazilo kuti likhale chikumbutso.

Koma bokosi lagalasi limene anthu amaunjikanapo kwambiri ndi la zidole zisanu zakutha: Winnie-the-Pooh, Eeyore, Piglet, Kanga ndi Tigger. Ndi zidole zenizeni za Christopher Robin Milne, zimene bambo ake analembera nthano zotchuka zija. Chidole cha chimbalangondo, Winnie-the-Pooh, mwanayo anapatsidwa mu 1921 atakwanitsa chaka chimodzi, ndipo zidolezi zakhala ku laibulaleyi kuyambira 1987. Mukayandikira mumaona ubweya wothothoka pamimba, zigamba za Eeyore, ndi Piglet wamng'ono woti angakwane m'dzanja. Zikuoneka kuti mwana anaseweradi nazo.

Ndingapite ndi ana?

Inde. Mikango, zidole zija ndi masitepe aakulu zimawasangalatsa. Chipinda chachikulu chowerengeramo si malo a mwana wotopa. Mabuku a ana ndi malo awo okhala ali tsidya lija, ku Stavros Niarchos. Akayamba kuvuta, Bryant Park ili pakhomo: nyengo yotentha pamakhala malo owerengera panja, mwambo umene unayamba mu 1935 pothandiza anthu amene ntchito zinawathera, ndipo nyengo yozizira amaikapo bwalo losewerera pa ayezi.

Kujambula, kudya, kulankhula pa foni?

Kujambula ndi foni kapena kamera yapamanja n'kololedwa m'malo ambiri, koma popanda fulashi ndi popanda miyendo yoimikira kamera. Owerenga musawajambule kumaso. Chakudya ndi zakumwa sizilowa m'zipinda zowerengeramo; pansi pali kamalo kogulitsa khofi ndi sitolo ya mabuku ndi mphatso. Foni ikhale chete. Wi-Fi ndi yaulere.

Ndinamva kuti mashelefu akale aja alibe mabuku. N'zoona?

Mabuku a kafukufuku anachotsedwamo mu 2013. Nkhani yake inautsa mkangano waukulu. Akuluakulu a laibulale anali ndi pulani, yojambulidwa ndi katswiri wa ku Britain Norman Foster, yogumula mashelefu a nsanjika 7 aja n'kuikamo laibulale yobwereketsa mabuku. Ankati m'mashelefumo mulibe njira yabwino yoletsera kutentha ndi chinyezi, ndipo mabuku akuwonongeka, zimene zinali zoona. Alembi ndi ofufuza anakana kwamtuwagalu. Ankaopa kuti mabuku ambiri apita ku New Jersey, ndipo ankakumbutsa kuti zitsulo za mashelefuwo ndi zomwe zanyamula chipinda chowerengeramo pamwamba pake. Nkhani inafika kukhoti, mtengo wa ntchitoyo unkangokwera, ndipo mu 2014 pulaniyo inasiyidwa. M'malo mwake anamaliza nsanjika yachiwiri ya pansi pa Bryant Park n'kukonzanso Mid-Manhattan Library. Alendo saloledwa kuyenda m'mashelefu akalewo, koma mukaima m'pakiyo n'kuyang'ana kumbuyo kwa nyumbayi, mawindo aatali, opyapyala ngati mizere, ndi a mashelefuwo. Mawindo akuluakulu ozungulira pamwamba pake ndi a chipinda chowerengeramo. Pulani yonse ya Billings imaoneka pakhoma limenelo.

Ndikufuna mbiri ya anthu akuda ndi ya Africa. Ndi komweko?

Zina zilipo, koma kwawo kwenikweni ndi ku Harlem, ku Schomburg Center for Research in Black Culture, pa 135th Street ndi Malcolm X Boulevard. Ndi gawo la bungwe lomweli ndipo khadi ndi lomwelo. Maziko ake ndi mabuku ndi zolemba zimene anasonkhanitsa Arturo Schomburg, wobadwira ku Puerto Rico, zomwe zinagulidwa mu 1926 ndi ndalama za Carnegie Corporation. Sitima za 2 ndi 3 zimaima pakhomo pake. Za nyimbo, zisudzo ndi magule zili ku Library for the Performing Arts, ku Lincoln Center.

Nanga oyenda pa njinga ya olumala kapena amene masitepe amawavuta?

Pewani masitepe a ku Fifth Avenue. Khomo la ku 42nd Street lili ndi njira yopanda masitepe, ndipo m'katimo muli zikepe zofika nsanjika zonse.

Nthawi yabwino yopitako ndi iti?

M'mawa wa pakati pa sabata, akangotsegula. Loweruka, nyengo ya Khirisimasi ndi miyezi yotentha kumadzaza alendo, ndipo mzere wa pakhomo umatha kutsika masitepe. Pamasiku a tchuthi cha boma amatseka, ndipo ndondomeko ya Lamlungu yakhala ikusintha malinga ndi ndalama zimene mzinda wapereka chaka chimenecho, choncho tsimikizirani musananyamuke. Maulendo aulere ozungulira nyumba yonse, otsogozedwa ndi anthu odzipereka, amatenga pafupifupi ola limodzi ndipo malo ake amatha msanga. Lembetsani pa intaneti masiku angapo zisanachitike. Chikwama chachikulu chapaulendo musabwere nacho. Jekete ndi kachikwama kakang'ono mungasiye pa malo osungitsira katundu, ndipo salipiritsa.